Che Wadi ndi Timabatani Tawo Titatu

Kuchokera pa Nkope mpaka pa boma la Mangochi, palibe amene sankadziwa kuti Che Wadi sayamba nyimbo msanga. Mkwatibwi akhoza kuuma miyendo pakhomo, woyendetsa mwambo akhoza kuyang'ana wotchi mpaka khosi kuwawa, mpunga ukhoza kuzizira m'mapoto, koma iwo ali chiweramire pa kiyibodi yawo, khutu limodzi atalipendeketsa, zala ziwiri zili pa kabatani, akupotokola pang'onopang'ono ngati munthu wofuna siteshoni pa wailesi yakale. Ukawafunsa kuti chatsala n'chiyani, yankho linali limodzi chaka ndi chaka: "Chombo sichinanjenjemere bwino."

Chombocho, kiyibodi yawo ija, anabwera nacho kuchokera ku Joni. Anzawo amene anapita nawo anabwerako ndi malata, njinga zamoto, ena mpaka minibasi. Iwo, atatha zaka zisanu ndi ziwiri akusoka nsapato kumeneko, anatsika basi atakumbatira chinthu chachitali. Akazi awo, Abiti Atumani, anayamba kululutira poganiza kuti ndi mashini osokera. Atamasula zingwe anapeza kiyibodi yokhala ndi timabatani topotokola tambiri kuposa makiyi oimbira. Akuti nthungululu inathera pakati, ndipo mayiwo sanawalankhule amuna awo masiku atatu.

Pa timabatani tonseto, titatu tokha ndito tinali ndi mlandu. Tinali chakumanzere, pansi pa zilembo zimene Che Wadi ankaziwerenga kuti elefuwo. Ankafotokozera aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti elefuwo payokha silira. Ntchito yake ndi kugwira mawu a nyimbo n'kumawagwedeza, kuwakweza ndi kuwatsitsa. Kabatani koyamba kamanena liwiro la kugwedezako. Kachiwiri kamanena kukula kwake. Kachitatu kamanena kagwedezedwe kake, kaya mofanana uku ndi uku, kaya kukwera pang'onopang'ono kenako n'kugwa kamodzi. Ndiye iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu aliyense ali ndi liwiro lakelake, ndipo kumuimbira usanalipeze ndi kumunyoza.

Tsiku lina pa mwambo wotsekera sukulu, mlendo wolemekezeka anadikira nyimbo yomulandira mpaka anatopa, nanyamuka kupita ku galimoto lake atakwiya. Che Wadi anamuyang'ana akuyenda, zala zili pa kabatani, kenako anakuwa: "Bwana! Bwererani muyendenso chomwecho, ndatsala pang'ono kukupezani!"

Amene ankadana nazo kwambiri zimenezi anali Celestina wa pa Nkope, mayi wogulitsa usipa wouma, ndipo anali ndi chifukwa. Pa ukwati wa mchimwene wake, Che Wadi anapotokola kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka achibale a ku Makanjira ananyamuka kukakwera boti lawo asanamve ngakhale nyimbo imodzi. Tsiku limenelo Celestina analumbira pamaso pa anthu kuti munthu ameneyu sadzaimbanso pa mwambo wa m'banja mwake, ngakhale itatsala kiyibodi imodzi m'Malawi monse. Kulumbira n'kosavuta mwana wako akadali wamng'ono.

Mwana wake yekhayo, Keti, anagwa mumtengo wa bwemba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Fupa la m'chiuno linalumikizika mokhota, mwendo wakumanzere unatsala waufupi, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina: kutsamira nthawi yaitali pa mwendo wabwino, kenako kugwera pa waufupi mwachidule. Anakula bwino, anakhala mphunzitsi, ndipo anapeza mwamuna womukonda, Jeffrey, wa pa boma. Vuto linali azakhali ake a Jeffrey. Pa chinkhoswe, mayiwa ananong'oneza mnzawo ndi mawu amene anafika mpaka kukhitchini: "Atsikana onse adzaza m'tauni muja, mwana wathu wakatola wa mwendo umodzi ndi theka?"

Keti anamva. Patatsala milungu iwiri kuti ukwati uchitike, anawauza amayi ake ali pathandala poyanika usipa.

"Kutchalitchi ndikalowera khomo lam'mbali anthu asanadzaze. Koma kuholo sindipitako."

"Iwe, madyerero a ukwati wako omwe?"

"Amayi, kuholo mkwatibwi amalowa ndi sitepe, kuchokera pakhomo mpaka kutsogolo, mafoni onse ali pa iye. Mawa lake Mangochi yense azidzandionera pa foni akuseka. Ayi."

Celestina sanagone bwino masiku amenewo. Ankadziwa kuti mwana akabisala pa tsiku lake, adzabisala m'banja limenelo mpaka kukalamba, ndipo azakhali aja adzakhala kuti ananena zoona. Chimene ankafuna chinali chimodzi chokha: Keti ayende holo yonse pamaso pa apongozi ake, mutu uli m'mwamba, popanda womuseka. Anayesa anyamata a laputopu ndi masipika aakulu. Nyimbo zawo zinali zolemera mofanana, gu, gu, gu, ndipo poyeserera operekeza onse ankaponda limodzi, Keti yekha n'kumagwera pambali pa nyimbo. Pa tsiku lachiwiri Keti anachoka osatsanzika.

Che Wadi sanaitanidwe. Anabwera okha panjinga kudzagula usipa, ndipo anaima pathandala akuyang'ana Keti akuchokera kusukulu ndi makope a ana pamutu. Anamuyang'ana mpaka Celestina anawaponyera diso loipa.

"Mayi a Keti, mwana wanuyu ndibwerekeni masiku atatu."

"Mumutani?"

"Aziyenda, ine ndizimuona."

Celestina anaika beseni pansi. "Che Wadi, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuthamangitsa ana otsanzira mayendedwe a mwana wanga. Inu ndi ndevu zanuzo mukufuna ndikuthamangitseninso?"

"Ine sinditsanzira, amao. Anyamata aja akufuna mwana atsatire nyimbo. Ine ndikufuna nyimbo itsatire mwana. Wallahi, mayendedwe awa ali m'chombo changa, pa kabatani kachitatu. Sindinapezepo mwiniwake mpaka lero."

Celestina anameza lumbiro lake ngati mankhwala a malungo. Masana atatu otsatizana, kuseri kwa nyumba kumene kunalibe owonerera, Keti ankayenda kuchokera pa bafa kukafika pa mtengo wa mango n'kubwerera, nkhope ili ndwii, ndipo Che Wadi ankapotokola. Tsiku loyamba chombo chinkalira ngati udzudzu. Tsiku lachiwiri chinkabuula ngati wodwala dzino. Tsiku lachitatu, Celestina akupeta mpunga, anamva mawu akukwera pang'onopang'ono, akukula, kenako n'kugwa mwachidule, ndipo anagwa pa nthawi yomwe phazi lamanzere la Keti linagunda pansi. Anakweranso, nagwanso pomwepo.

"Chambone!" anakuwa Che Wadi m'chilankhulo cha kwawo, kutanthauza kuti zili bwino, ndipo anayamba nyimbo pamwamba pake.

Operekeza asanu ndi mmodzi anaikidwa pamzere n'kuuzidwa kuti angotsatira chombo. Onse anayamba kutsamira motalika, kugwera mwachidule, kutsamira, kugwera. Celestina anayang'ana mzerewo kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo sanathe kuloza amene akutsimphina. Anabisa nkhope m'lichero.

Atapukuta m'maso anati, "Che Wadi, ikani chizindikiro pamene taloza timabatanito. Lembani ngakhale ndi choko."

"Kulemba n'kwa ana a sukulu. Chombo changa sagwira munthu."

Tsiku la ukwati linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, lotentha moti malata a holo ankachita kulira okha. Che Wadi anafika m'mawa, chinthu chimene anthu anaitanizana kudzaona. Anaika chombo kutsogolo, analumikiza mawaya, anachivundikira ndi nsalu, ndipo dzuwa litafika pamutu anapita kumzikiti kukaswali. M'holomo munatsala mayi Tikhala, wapampando wa komiti yokongoletsa. Mayi amenewa anali a mtima wabwino, koma sankatha kupirira chinthu chokhota. Ankawongola mipando ya m'nyumba za eni, zithunzi za pakhoma kuchipatala, ngakhale mataye a amuna a anzawo. Anavundukula nsalu ija kuti apukute fumbi.

Pofika thuu koloko holo inali itadzaza mpaka m'mawindo. Akuchimuna anakhala kumanja, azakhali aja ali pampando woyamba, akudzikupiza ndi pulogalamu. Galimoto la akwati linaima panja pansi pa mtengo, litazingidwa ndi anthu osaitanidwa, aliyense foni m'manja. Woyendetsa mwambo anakuwa kuti tonse tiimirire, akwati akulowa. Che Wadi anachotsa nsalu, nadina kiyi imodzi.

Chimene chinatuluka m'masipika chinali kulira kwa mbuzi yomangidwa panjinga. Meee-e-e-e-e! Holo yonse inafa nacho chiseko.

Che Wadi sanaseke. Anayang'ana chombo chawo kukamwa kuli yasa. Timabatani tonse, makumi atatu ndi kuposa, tinali titaloza kumwamba molunjika ngati asilikali pa perete.

"Wagwira ndani?"

"Ndine ndakukonzerani, Che Wadi," anatero mayi Tikhala akumwetulira. "Tinali tokhotakhota, kena kaloza ku Makanjira, kena ku Katuli. Pa ukwati wa aphunzitsi sizioneka bwino."

Celestina anadzambatuka pampando. Anafika kutsogolo osadziwa kuti wayenda bwanji. "Bwezerani pamene panali. Msanga."

"Ndibwezere pati, amao? Tina tonseti ndikonza pompano, ndi ta mawu chabe. Koma titatu iti timafuna mwiniwake. Ndiyenera kumuona mwana akuyenda."

Celestina anatuluka akukankha anthu. Keti anali m'galimoto, magalasi atatseka, manja atagwira maluwa mwamphamvu mpaka timitengo take tinathyoka. Anali atamva mbuzi ija, anamvanso chiseko. Anatsitsa galasi pang'ono.

"Tuluka mwanawe, ungoyenda pang'ono akuone."

"Ndiyende pati? Taonani anthuwa." Zoonadi panalibe poyenda mobisika. Mafoni anali mbali zonse ngati mpanda. "Sindituluka mpaka ndimve nyimbo ija."

"Nyimboyo singabwere asanakuone ukuyenda."

"Ndiye basi, palibe madyerero."

Jeffrey, thukuta lili kamukamu m'suti yake, anati, "Keti, ndikunyamule. Anthu aganiza kuti ndi chikondi."

"Undinyamule kuti azakhali ako akanene kuti sindiyenda n'komwe? Adalaivala, lizani galimoto."

Injini inalira. Celestina anagwira chitseko ndi manja awiri. "Keti, ndine mayi ako, ndakugwira mwendo. Ndipatse nthawi."

Keti sanawayang'ane. "Mphindi khumi, amayi. Zikatha ndikupita kunyumba."

M'holo muja zinthu zinali zitafika poipa. Che Wadi ankayesa kukumbukira ndi mutu. Akapotokola uku, chombo chinkakoka ngati nyimbo ya pamaliro. Akapotokola uko, chinkathamanga ngati njinga yaduka mabuleki. Anaitana operekeza awiri kuti aonetse sitepe ija, koma popanda chombo chowatsogolera aliyense ankagwera nthawi yakeyake, ndipo anawabweza ndi dzanja. Woyendetsa mwambo anali atatha nthabwala zake zonse, tsopano akuyamikira komiti yophika kachitatu. Anthu akuchimuna ankayang'anizana.

"Kodi mkwatibwi ali kuti?" anafunsa azakhali aja mokweza. "Kapena akumuwonjezera kaye mwendo?"

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Celestina anamva ngati wathiridwa madzi otentha. Anawerama pa chombo n'kulankhula mano atalumana. "Che Wadi, ndinakuuzani kuti mulembe. Mwana wanga akachoka pano, ine ndi inu tikaonana kwa Mulungu, wanu kapena wanga."

Che Wadi anakweza mutu, ndipo anamuyang'ana monga anayang'anira mlendo wolemekezeka uja.

"Inu mwamumva akuyenda zaka zingati?"

"Mukuti chiyani?"

"M'nyumba. M'mawa uliwonse. Palibe amene akudziwa mayendedwe amenewo kuposa inu. Pitani pakhomo apo, muyende, amao."

Kutsanzira mayendedwe a mwana wake, Celestina sanachitepo chibadwire, ngakhale ali yekha m'chipinda. Anamenyapo mwana wa mnansi chifukwa cha chimenechi. Anasiya kulankhulana ndi msuweni wake zaka zitatu chifukwa cha chimenechi. Tsopano achite iye mwini, mayi wa mkwatibwi, atavala chilundu chatsopano ndi duku lalikulu, pamaso pa apongozi, khomo lili chitsegukire moti mwana wake m'galimoto aona zonse? Keti akaganiza kuti amayi ake omwe akumuseka, ndiye kuti wataya ukwati ndi mwana yemwe. Anachita mantha enieni. Panja injini inali ikulirabe.

Anavula nsapato zake zazitali, nazipatsa mayi Tikhala, amene anazilandira n'kuziika pansi molinganiza bwino. Anapita pakhomo, anatembenuka, nayamba kuyenda.

Poyamba holo inangoti zii. Kenako wina kumbuyo anaphulika, ndipo chiseko chinayenda mzere ndi mzere. Mafoni anakwera m'mwamba.

"Ooh!" anatero azakhali. "Kani n'zakumtundu!"

Celestina anafika kutsogolo makutu akulira. Chombo chinali chikubuulabe pambali pake, osagwirizana naye.

"Bwererani," anatero Che Wadi, maso ali pa mapazi ake. "Mukuchita manyazi, mukufupikitsa. Mwana wanu sathamanga choncho."

"Anthu akundiseka, Che Wadi."

"Akuseka inu. Bola inu."

Anabwerera pakhomo. Anaona galimoto lija litasuntha pang'ono, mphuno yaloza kumsewu. Anatseka maso. Analeka kuganiza za mwendo, nayamba kumvetsera phokoso limene ankalimva m'mawa uliwonse pa simenti ya pakhonde, Keti akupita kukasamba ndi ndowa: patapata wakumanja kukhala pansi nthawi yaitali, wakumanzere kugunda kamodzi. Thupi lake linkadziwa zimenezi kuposa mmene iye ankaganizira. Anayenda, ndipo pakati pa holo anamva mawu a chombo akukwera naye pamene watsamira, n'kugwa pafupi ndi pamene wagwera. Pafupi, koma osati pomwepo.

"Kagwedezedwe ndapeza," anatero Che Wadi. "Liwiro latsala tsitsi limodzi. Kamodzinso."

"Mphindi zatha!"

"Ndiye musaime apa n'kumandiuza za mphindi."

Celestina akanakhala ndi beseni lake pafupi, bwenzi nkhaniyi itathera kupolisi. Anathamanga kubwerera pakhomo, duku litapendekeka, ndipo sanayerekeze kuyang'ana panja. Anayamba kachitatu. Phazi loyamba, chombo chinachedwa. Lachiwiri, chinachedwa pang'ono. Lachitatu, mawu anagwa pansi pa phazi lake ngati anali kumudikira pomwepo. Anakwera naye, anagwa naye. Kenako Che Wadi anakulitsa kugwedezako ndi kabatani kachiwiri, ndipo holo yonse inayamba kupuma ndi mpweya umodzi, kukoka motalika, kutulutsa mwachidule.

"Chambone!"

Dzanja lawo lamanja linagwera pa makiyi, nyimbo inabuka. Amayi anzake a Celestina ogulitsa usipa, amene anakhala chete nthawi yonseyi mitima ikuwawa, anaimirira anayi nthawi imodzi n'kulowa pambuyo pake, akutsamira ndi kugwera. Analowanso ena asanu. Nthungululu inalira. Amene ankaseka anapeza mapewa awo akugwedezeka okha, ndipo chiseko chinasanduka kuwomba m'manja. Celestina anafika kutsogolo, anakhota ndi mzere wake wonse, nabwerera cha kukhomo kuti akaone ngati galimoto lidakalipo.

Pakhomo panali pataima Keti, chophimba kumaso atachikweza, Jeffrey ali pambali pake. Nkhope ya Keti sinkawerengeka. Celestina anaima.

"Amayi, ndimayenda choncho?"

Panalibe ponama. "Eya, mwana wanga."

Keti anawayang'ana kuyambira kumapazi opanda nsapato mpaka ku duku lopendekeka.

"Phewa mukulakwitsa," anatero. "Patukani muone mwiniwake."

Mmene analowera Keti tsiku limenelo, anthu a pa Nkope amakambabe. Operekeza patsogolo, amayi a usipa pambuyo, iye pakati, mutu uli m'mwamba, ndipo aliyense anaona kuti mwa onsewo amene akuitha sitepe ndi mkwatibwi. Ena onse ankachita kuyesetsa, iye zinkangochitika. Anayenda holo yonse osafulumira. Atadutsa pa mpando woyamba anawerama pang'ono kupereka ulemu kwa azakhali, osaphonya phazi. Pofika nthawi ya perekaniperekani, azakhali omwewo anali pakati pa bwalo akutsamira ndi kugwera, molakwitsa, akuuza anzawo kuti sitepe imeneyi ndi ya ku Joni, iwo anaionapo kale pa kanema.

Mafoni aja anagwira ntchito yawo. Pomatha mwezi, atsikana a ku Namiyasi, ku Malindi ndi pa boma pomwe ankafika kwa Che Wadi kudzapempha sitepe ya ku Nkope. Ndipo apa ndi pamene anthu anayamba kuda nkhawa ndi thanzi la mkuluyu, chifukwa anasiya kuchedwa. Ankafika, kuchotsa nsalu, kudina kiyi, nyimbo n'kuyamba. Woyendetsa mwambo wina, amene anazolowera kukonzekera nthabwala za ola lathunthu, anawadandaulira kuti akumuphera ntchito. Mpunga unayamba kudyedwa wotentha. Kwa zaka zinayi, mkwatibwi aliyense wa m'mbali mwa nyanja muno, wamtali, wamfupi, wonenepa, analowa m'holo akuyenda ngati Keti, ndipo ana ankaisewera sitepeyo panjira popita kusukulu. Celestina ankawaona akudutsa pathandala pake, osatolanso mwala.

Che Wadi anamwalira Lachiwiri lina m'mawa, atangodwala masiku awiri. Monga mwa Chisilamu, pofika masana anali ataikidwa kale. Celestina anali ku msika wa kutali ndi usipa wake, ndipo uthenga unamupeza manda atakwiriridwa. Anthu ambiri amene mkuluyu anawadikiritsa pa maukwati awo anafika mochedwa chimodzimodzi, n'kumangoima pabwalo manja ali m'khosi, osadziwa womudandaulira.

Mawa lake Celestina anapita ndi Keti kukapepesa. Abiti Atumani anawalowetsa m'nyumba, nawaonetsa chombo chili pa tebulo. Celestina anawerama. Timabatani titatu takumanzere tinali titamatidwa ndi guluu wa nsapato, wouma gwa, kamodzi kataloza uku, kena uko.

"Anamata tsiku lomwelo la ukwati wanu, atangofika," anatero mayiwo. "Ndinawafunsa kuti, bambo, zaka zonsezi mwatizunza n'kupotokola, lero mukumata? Anati wofunafuna akapeza amakhala pansi."

Keti anagwira kabatani kachitatu ndi chala. Celestina anafuna kulira, koma misozi inakana.

Anyamata angapo anabwera kudzapempha chombocho kuti aziimbira m'maukwati. Abiti Atumani anawabweza onse. Anati anapikisana nacho zaka makumi awiri, tsopano ndi mkazi mnzake, akalamba limodzi. Motero maukwati anabwerera kwa a laputopu. Amayamba pa nthawi yake, masipika ndi aakulu, palibe amene amadandaula. Sitepe ya ku Nkope anaiyesa kawiri katatu pa nyimbo zawo za gu, gu, gu, sinalowe, ndipo anaisiya mwakachetechete.

Ukwati woyamba umene Celestina anapitako pambuyo pa maliro unali wa mwana wa mayi Tikhala, m'holo yomwe ija, mipando itafoledwa ngati yayezedwa ndi chingwe. Itakwana nthawi ya mphatso, woyendetsa mwambo anaitana aphunzitsi anzake a mkwatibwi. Keti ananyamuka ndi mbale zokulungidwa m'pepala lonyezimira, nalowa pamzere. Anzake ankaponda mofanana. Iye anayenda mmene amayendera, osafulumira, osaweramitsa mutu, mpaka kutsogolo.

Kamtsikana kena kamene kanakhala pafupi ndi Celestina kanakoka chitenje cha amayi ake. "Amayi, aja akuyenda bwanji?"

Celestina anayang'ana. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi anaona kuti mwana wake akutsimphina. Misozi imene inakana pa maliro inatulukira pomwepo, pa ukwati wa eni ake, ndipo anaisiya kuti itsike.